R47, C12, U3: mmene tizipangizo timatchulidwira pa bolodi la zamagetsi

Tsegulani chaja ya laputopu, inveta ya sola kapena wailesi ya m'galimoto, muone bolodi lobiriwira lili m'katimo. Pambali pa tizipangizo tambiri pali tizilembo toyera: R47, C12, D3, U1, Q5. Ophunzira ntchito ambiri amayamba ndi maganizo akuti tizilemboti tikunena kukula kwa kachipangizoko, ndipo ena amafika nato kwa ogulitsa masipeya mu Area 2 n'kufunsa kuti, "Achimwene, muli ndi C12?" Wogulitsayo sangawathandize, chifukwa C12 si chinthu chogulitsidwa. Ndi dzina la malo amodzi pa bolodi limodzi. Pa bolodi la chaja, pa C12 pakhoza kukhala kapasita ya 100 nF yosafika mamilimita awiri. Pa bolodi la inveta, pa C12 pomwepo pakhoza kukhala ya 4700 µF yodzaza m'dzanja.

M'mabuku a ntchitoyi dzina lotere amati reference designator, ndipo ntchito yake ndi kugwirizanitsa mapepala atatu amene bolodi lililonse lopangidwa mwadongosolo limayenda nawo. Loyamba ndi dayagiramu, ija ena amati schematic, yoonetsa mmene magetsi akuyendera. Siinena kuti kachipangizo kali ngodya iti. Lachiwiri ndi mndandanda wa zogula, BOM, wonena kukula kwa kachipangizo kalikonse, nambala ya kampani yopanga ndi kuchuluka kwake. Lachitatu ndi assembly drawing, chojambula cha womanga bolodi, choonetsa pamene kachipangizo kakhale, kumene kayang'ane, ndiponso ngati kali kumwamba kapena kunsi kwa bolodi. Chopezeka pa mapepala onse atatu ndi dzina lija lokha basi. Wokonza akakayikira R47 pa dayagiramu, amaifunafuna pa chojambula, kenako amaona pa BOM choti agule. Dzinalo likasiyana pa pepala limodzi, awiri enawo salinso ndi ntchito. Tizilembo toyera ta pa bolodi, silkscreen, ndi kope chabe la chojambulacho, ndipo kawirikawiri ndi kope losakwanira.

Chilembo

Chilembo choyamba chimanena gulu. R ndi rezisita, C kapasita, L koyilo, D dayodi, Q transisita kuphatikizapo MOSFET, U ndi IC (kachipangizo ka miyendo yambiri kokhala ndi seketi yonse m'kati mwake), F fyuzi, T thiransifoma, K rilei, S kapena SW swichi, Y crystal, BT batire. J ndi P ndi zolumikizira mawaya. TP ndi pogunditsa mita poyeza, FB ndi ferrite bead, RN ndi marezisita angapo m'thupi limodzi, RT ndi thermistor, RV ndi varistor, MH ndi bowo la sikuluwu. FID ndi kadontho ka kopa kopanda chilichonse, kamene kamera ya makina omangira imayang'ana kuti idziwe mmene bolodi lagonera. Zilembo I ndi O sizigwiritsidwa ntchito pazokha chifukwa zimafanana ndi 1 ndi 0.

Zambiri mwa zilembozi zili mu IEEE 315 ya 1975. Malamulo a kaperekedwe ka manambala anali mu IEEE 200 ya chaka chomwecho, imene inachotsedwa, ndipo ntchito yake inatengedwa ndi ASME Y14.44 mu 2008. Awa ndi malangizo ochokera ku America, ndipo palibe lamulo lokakamiza kampani iliyonse kuwatsatira. N'chifukwa chake tebulo la wokonza zinthu ku Lilongwe kuno, pamene pamafika katundu wa ku China, Japan, South Africa ndi ku Ulaya tsiku limodzi, limaona kalembedwe kosiyanasiyana. Ena amalemba IC m'malo mwa U, TR m'malo mwa Q, CN m'malo mwa J, X m'malo mwa Y. Dayodi ya Zener amaipatsa ZD. Makina akale a ku America amalemba dayodi CR. Ma TV akale achubu ambiri a ku China analemba transisita V, dayodi VD ndipo IC N.

Zina mwa izi zimangochedwetsa, koma zina zimasocheretsa. VR pa bolodi lina ndi voltage regulator, pa lina ndi rezisita yopotokola. PC pa bolodi la pawa sapulayi la ku Asia nthawi zambiri ndi optocoupler ya miyendo inayi, pamene pa madayagiramu ambiri a malaputopu P woyambayo amanena kuti kachipangizoko kali m'gawo la pawa: PC ndi kapasita, PR rezisita, PQ MOSFET, PU ndi IC, PL koyilo. Wodziwa zimenezi akalandira laputopu yosayaka amayambira pa mayina a P, osataya nthawi ndi ena.

Kusiyana kwakukulu kuli m'mapanelo a makina, ngati a m'mafakitale a ku Kanengo ndi a mapampu a madzi. Amenewa ambiri amatsatira IEC 81346, momwe chilembo chimanena ntchito ya chinthu, osati mtundu wake. Kumeneko -Q1 ndi breaker kapena contactor yodula ndi kulumikiza magetsi aakulu, -K1 ndi rilei, -F1 ndi choteteza, -M1 ndi mota, -X1 ndi mzere wa matemino. Kachizindikiro ka patsogolo nako kali ndi tanthauzo: = ndi ntchito, + ndi malo, - ndi chinthu chenichenicho. Munthu wozolowera mabolodi akaona Q1 m'panelo amasaka transisita imene kulibe. Choncho wowerenga atsimikize ndi chizindikiro cha pa dayagiramu, asadalire chilembo chokha, ndipo wojambula aike tebulo la zilembo zimene wagwiritsa ntchito pa tsamba loyamba.

Pali mayina ochepa amene akukuuzani kuti musasinthe ndi chilichonse chofanana nacho. Pakhomo pa pawa sapulayi, pamene 230 V imalowera, mupeza CX ndi CY. CX ili pakati pa layivi ndi nyutirolo. CY ili pakati pa magetsi olowa ndi eti (earth), kapena imadumpha pakati pa mbali yoopsa ndi mbali imene munthu amagwira. Kapasita ya gulu Y inapangidwa kuti ikafa isalumikize mbali ziwirizo. Mukaikapo kapasita wamba ya nambala yomweyo, makinawo agwira ntchito bwinobwino, koma tsiku la mphenzi m'dzinja ikhoza kubowoka n'kufikitsa magetsi pa chitsulo chimene mwana akugwira. FR kapena RF ndi rezisita yoduka ngati fyuzi popanda kuyaka moto. Pa fyuzi, T3.15A ndi F3.15A si chinthu chimodzi: ya T imapirira mphamvu ya poyatsa, ya F imaduka msanga. Madayagiramu ambiri amaika kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi chizindikiro chofuula m'kati pafupi ndi tizipangizo totere.

Nambala

Nambala yotsatira chilembo siinena kukula, ndipo nthawi zambiri siinenanso malo. Aliyense wokhala mumzinda muno amadziwa kuti Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo pamene Area 24 ili kumwera chakum'mawa; mlendo amene angaganize kuti manambala oyandikana ndi madera oyandikana atha mafuta pachabe. Bolodi limene manambala ake anaperekedwa motsatira dayagiramu lili chimodzimodzi: R24 ikhoza kukhala kumwamba pafupi ndi fyuzi, R25 kunsi kumapeto ena.

Pali njira ziwiri zochepetsera vutoli, ndipo iliyonse imathandiza munthu wosiyana. Yoyamba ndi kupereka manambala motsatira tsamba kapena gawo: za pa tsamba loyamba R101, R102, za pa lachiwiri R201, R202. Apa dzina likukuuzani tsamba loti mutsegule. Amisiri a ma TV achubu amaidziwa bwino njirayi: makampani ambiri ankaika gawo la pawa pa ma 800, la horizontal pa ma 400, la vertical pa ma 300, ngakhale ena ankaika pawa pa ma 600. Yachiwiri ndi kuperekanso manambala bolodi litajambulidwa kale, kuyambira ngodya ya kumwamba kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere, kenako za kunsi kuyambira pa nambala yodziwika ngati 500. Apa mukapeza R30 mukudziwa kuti R34 ili pafupi. Kwa bolodi laling'ono lomangidwa ndi manja, monga ambiri opangidwa kuno a ma charge controller, ma alamu ndi zoyezera madzi m'thanki, njira yachiwiriyi ndiyo yabwino. Chofunika n'chakuti manambala atsopanowo abwezeredwe pa dayagiramu ndi pa BOM nthawi yomweyo, ndipo zichitike kamodzi kokha, bolodi lisanatuluke.

Likangotuluka, mayina sasinthanso. Lamulo ili ndi limene limaphwanyidwa kwambiri, chifukwa mndandanda wokhala ndi mipata suoneka bwino ndipo pulogalamu yojambulira mabolodi imatha kutseka mipatayo ndi batani limodzi. Tiyerekeze kuti pa bolodi loyamba R23 inali 10K m'gawo loyeza volteji, ndipo pa lachiwiri mwaichotsa n'kupereka dzina R23 kwa rezisita ya 0.1 ohm imene mphamvu yonse ya mota imadutsamo. Mabolodi akale akadali kwa makasitomala, ndipo mapepala akale akadali m'mafoni a amisiri. Wina adzaika 10K pamene pakufunika 0.1 ohm, mota sidzazungulira, ndipo adzakhala tsiku lonse akusaka vuto limene wadziikira yekha motsatira pepala. Chochotsedwa chimapita ndi dzina lake. Chatsopano chimatenga nambala yotsatira yaikulu kwambiri, ngakhale chikhale pakati pa R5 ndi R6. Ojambula osamala amaika katebulo konena nambala yomaliza ya gulu lililonse ndi manambala osagwiritsidwa ntchito, kuti womanga asamasake R23 imene kulibe.

IC imodzi ikakhala ndi zigawo zingapo, chilembo chimawonjezedwa kumapeto. LM358 ili ndi ma op-amp awiri, ndiye pa dayagiramu mupeza U3A ndi U3B, mwina pa masamba osiyana, koma pa bolodi ndi pa BOM pali U3 imodzi. LM324 imafika mpaka D. Pa chifukwa chimenechi musamatchule marezisita awiri osiyana R5A ndi R5B. Mapulogalamu ena amawatenga ngati thupi limodzi. Makina okhala ndi mabolodi angapo amapatsa bolodi lililonse dzina la A, ndipo dzina lathunthu limayambira pa chachikulu kutsika: A2R5 ndi R5 ya pa bolodi A2. Mu inveta yokhala ndi mabolodi a MOSFET ofanana awiri, kulemba kuti "Q3 yapsa" sikukwanira.

Za J ndi P zimasokoneza ngakhale akatswiri. Ambiri amati J ndi yokhala ndi mabowo, P yokhala ndi mano. Malangizo a ASME sanena choncho: J ndi mbali yokhazikika, P ndi mbali yoyenda, kaya mano ali kuti. Cholumikizira chowotcheredwa pa bolodi ndi J ngakhale chili ndi mano otuluka. Mtolo wa mawaya umatenga W, ndipo nsonga zake zimakhala W1P1 ndi W1P2. Nsonga iliyonse ilembedwe dzina lake ndi kumene ikukalowa. Zolumikizira ziwiri zofanana zikayandikana, ina ya fani ya 12 V, ina ya sensa ya kutentha, tizilembo timeneti ndi tokha toletsa 12 V kulowa pa mwendo wa purosesa.

Kumene kachipangizo kayang'ane

Dzina lolondola pa malo olondola silithandiza ngati kachipangizo katembenuzidwa, ndipo apa ndi pamene chojambula cha womanga chimaposa mapepala ena onse. Pa IC ya mizere iwiri, mwendo woyamba uli pafupi ndi kadontho, kumanzere kwa kogobeka mukaika kogobekako kumwamba, ndipo mumawerenga mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi mukuyang'ana kumwamba kwake. Mukatembenuza bolodi kuti muyeze kunsi, kawerengedwe nako katembenuka. Pa LM358, magetsi amalowa pa mwendo 8 ndi 4. Mukaiika mozondoka, miyendo iwiriyi imasinthana ndipo IC imatentha nthawi yomweyo. IC zazikulu za mbali zinayi nthawi zina zimakhala ndi timadontho tiwiri kapena titatu, ena ali zipsera za chikombole chabe. Pamenepo tsegulani datasheet, musalote. Wojambula aike chizindikiro cha mwendo woyamba kunja kwa thupi la IC, chifukwa cha pansi pake chimabisika ikangowotcheredwa, ndipo woyendera ntchito sangathenso kutsimikiza. Pa tizipangizo tolowa m'mabowo, mwendo woyamba umapatsidwa kopa wa ngodya zinayi pamene ina ndi yozungulira.

Pa BGA, IC yopanda miyendo imene imawotcheredwa ndi mipira ing'onoing'ono ya soda pansi pake, mipirayo imatchulidwa ndi chilembo cha mzere ndi nambala, kuyambira A1 pa ngodya yokhala ndi chizindikiro. Zilembo I, O, Q, S, X ndi Z zimadumphidwa, ndipo ikatha Y pamabwera AA. Wowerenga mizere motsatira alifabeti yonse amalondola mpaka H. Kuyambira mzere wachisanu ndi chinayi, umene ndi J, wataya kale malo.

Makapasita ali ndi msampha woipa. Pa kapasita ya aluminiyamu yoimirira, mzere wa pambali ukuonetsa mwendo wa negetivu. Pa ya tantalum yogona pa bolodi, mzere ukuonetsa pozitivu. Ya aluminiyamu ikatembenuzidwa imatupa n'kuphulika pamutu. Ya tantalum imachita shoti ndipo ikhoza kuyaka moto. Pa bolodi, theka lopakidwa zoyera la bwalo la kapasita kawirikawiri ndi negetivu, koma pali mabolodi ena a makompyuta pamene theka limenelo ndi pozitivu. Musanachotse yakale, onani mmene inakhalira, ndipo yezani ndi mita kuti bowo lolumikizana ndi ground ndi liti. Wojambula angolemba + moonekera, nkhani yatha.

Pa dayodi ndiye + ayi. Ena amaika + ku anode chifukwa ndi kumene magetsi amalowera, ena ku cathode chifukwa mu rectifier ndi kumene pozitivu imatulukira. Lembani A ndi K, kapena jambulani chizindikiro chonse cha dayodi. Mzere wa pa thupi la dayodi ndi cathode. Pa ma LED ang'onoang'ono ogona pa bolodi zizindikiro zimasiyana kampani ndi kampani, choncho yesani imodzi ndi mita musanawotcherere makumi asanu.

Transisita zazing'ono za miyendo itatu, collector (C), base (B) ndi emitter (E), zimaoneka zofanana, koma mukayang'ana mbali yophwatalala miyendo ili pansi, BC547 ndi C, B, E kuchokera kumanzere, 2N3904 ndi E, B, C, ndipo C945 ndi E, C, B. Chithunzi cha thupi pa bolodi chimangolondola pa transisita imene wojambula anasankha. Kuno, kumene sipeya yeniyeni siipezeka nthawi zonse ndipo timaika yolowa m'malo, zilembo E, B ndi C pafupi ndi mabowo n'zofunika kuposa chithunzicho.

Kukula kwake

Pano pali pamene dzina la malo ndi kukula zimagundana maso ndi maso. R47 yolembedwa pa bolodi ndi rezisita ya nambala 47. R47 yolembedwa pa thupi la rezisita ndi 0.47 ohm. Kalembedwe kachiwirika, ka IEC 60062, kamaika chilembo pamalo pa kadontho: 4R7 ndi 4.7 ohm, 4K7 ndi 4700 ohm, 2M2 ndi 2.2 megaohm, 4n7 ndi 4.7 nF. N'kothandiza zedi, chifukwa kadontho kamasowa pa fotokope kapena pa chithunzi cha dayagiramu chotumizidwa pa WhatsApp, 4.7K n'kusanduka 47K. Pa marezisita ogona pa bolodi, nambala yomaliza ndi kuchuluka kwa maziro: 472 ndi 4K7, 103 ndi 10K, 4701 ndi 4K7 ya kalembedwe ka manambala anayi. Imene imapusitsa anthu ndi 100, yomwe ndi 10 ohm. Ya 100 ohm imalembedwa 101. Zolembedwa ngati 01C ndi za tebulo la EIA-96, ndipo imeneyo ndi 10K. Ziro yekha ndi waya wodumphitsa. Pa makapasita mawerengedwe amayambira pa pF, choncho 104 ndi 100 nF. Makapasita a ceramic ogona pa bolodi alibe cholembedwa chilichonse, ndiye womanga ndi manja atsegule mtundu umodzi, amalize mayina onse a mzere umenewo wa BOM, ndiyeno atsegule wina.

Kukula kwa thupi nako kuli ndi mayina awiri. 0603 ya mainchi ndi 1.6 mm m'litali ndi 0.8 mm m'lifupi, ndipo m'mamilimita imatchedwa 1608. Koma palinso 0603 ya mamilimita, ya 0.6 mm ndi 0.3 mm, yomwe m'mainchi ndi 0201. Mukaitanitsa kunja osanena muyeso umene mukugwiritsa ntchito, mukhoza kulandira tinthu tosatheka kuwotcherera ndi manja. Lembani zonse ziwiri. Mzere wa BOM wongoti "100 µF" sunathe: pakufunika volteji, kutentha kumene ingapirire monga 105 °C, ndiponso ngati ndi ya low ESR, kutanthauza yosatsekereza magetsi kwambiri m'kati mwake. Pa ceramic nenani ngati ndi C0G, X7R kapena Y5V, poti ya Y5V imataya mphamvu yake yambiri kukatentha.

Malo opanda kanthu

Si dzina lililonse limene lili ndi kachipangizo. DNP, DNI, NF ndi NM zonse zikutanthauza kuti pasaikidwe kanthu. Bolodi limodzi lopanda kanthu likhoza kumangidwa mitundu iwiri, mwachitsanzo ya 12 V ndi ya 24 V, kusiyana kwake kuli marezisita ochepa ndi mawaya odumphitsa a ziro. Mtundu uliwonse ukhale ndi BOM yake ndi nambala yake, ndipo pa chojambula malo osiyidwawo adulidwe ndi mtanda. Mzere wa DNP ukhalebe pa BOM ndi kuchuluka kwa 0. Mukangouchotsa, womanga sadziwa ngati mwasiya dala kapena mwaiwala. NC ipeweni, chifukwa pa mwendo wa IC ikutanthauza kuti sunalumikizidwe, pa rilei ikutanthauza mbali yotseka rilei isanakoke, ndipo ena amaigwiritsa ntchito ngati DNP.

Wokonza akapeza malo opanda kanthu ayang'ane ndi galasi lokuza. Amene anasiyidwa ku fakitale amakhala ndi soda yosalala yozungulira bwino mbali zonse ziwiri, kapena alibiretu soda. Pamene kachipangizo kanathothoka pamatsala soda yokhakhala yokhala ndi chidindo cha mwendo, nthawi zina ndi kachidutswa ka chitsulo.

Musanatumize mafayilo ku fakitale, werengani: mayina a pa mzere uliwonse wa BOM afanane ndi nambala ya kuchuluka. Musalembe R1-R8, chifukwa R5 ikhoza kukhala DNP. Lembani lililonse palokha. R01 ndi R1 kwa kompyuta ndi zinthu ziwiri. Mu KiCad, pulogalamu yojambulira mabolodi, dzina lotsala ndi chizindikiro chofunsa, ngati R?, ndiye kuti silinapatsidwe nambala. Fayilo ya makina oika tizipangizo imanena dzina, malo ake pa X ndi Y, mbali ya bolodi ndi madigiri otembenuzira, koma poyambira madigiriwo pamasiyana pakati pa malaibulale ndi mmene kachipangizo kagonera mu tepi yake. IPC-7351 inayesa kugwirizanitsa zimenezi, komabe si onse amaitsatira. Fakitale ikakayika imayang'ana chojambula chanu. Ngati mwaitanitsa ku China, dayodi yotembenuzidwa mudzaiona patapita masabata, mutalipira kale mtengo wotumizira ndi msonkho, choncho chithunzi chimene fakitale imakuonetsani isanayambe chiyang'aneni kachipangizo ndi kachipangizo.

Za tizilembo toyera n'zachidule. Kutalika kwa 1 mm ndi mzere wa 0.15 mm kumawerengeka. Pansi pa 0.8 mm inki imayamba kupakana. Tisagwere pa kopa wowotcherapo kapena pa timabowo, poti fakitale imadula mbali imeneyo, R18 n'kuoneka ngati R13. Tiwerengeke poyang'ana kuchokera mbali ziwiri zokha, osati zonse zinayi, ndipo dzina likhale mbali imodzimodzi ya tizipangizo toyandikana kuti pasakhale kufunsa kuti ili ndi la kati. Malo akachepa, siyani mayina a marezisita ndi makapasita ang'onoang'ono, koma +, K, mwendo woyamba, mayina a zolumikizira, ma TP ndi kukula kwa fyuzi zisachoke. Pa chojambula cha womanga, chimene mu KiCad chimachokera pa F.Fab ndi B.Fab, dzina lililonse limakhala m'kati mwa chithunzi cha kachipangizo kake ndipo palibe losiyidwa. Mbali ya kunsi ijambulidwe monga ionekera bolodi likatembenuzidwa, ndi mawu onena choncho.

Mafoni alibiretu tizilembo toyera, n'chifukwa chake okonza mafoni amadalira boardview pa kompyuta, pamene ukadina dzina umaona malo ake ndi zonse zolumikizana nalo. Kumeneko kulinso chitsanzo cha dzina la malo limene linasanduka dzina la chinthu m'kamwa mwa amisiri. IC yoyang'anira polowera chaja pa iPhone 5 inali pa U2, ndipo mpaka lero ambiri amaitchula U2, chonsecho pa iPhone 6 ili pa U1700. Pocheza zilibe kanthu, koma posaka mu boardview lembani dzina la bolodi limene lili patsogolo panu.

Zinthu zosadutsa magetsi, monga masikuluwu, heatsink, kapepala kotchinga ndi mafuta oziziritsa, sizikhala pa dayagiramu. Pa chojambula zimapatsidwa nambala m'kabwalo kokhala ndi muvi, ndipo nambalayo ndi ya mzere wa pa BOM. Zimaoneka zazing'ono, koma chitsulo cha kumsana kwa MOSFET ya thupi la TO-220 n'cholumikizana ndi mwendo wake wa drain. Kapepala kotchinga ndi kapulasitiki ka pa sikuluwu zikaiwalika chifukwa chojambula sichinazionetse, heatsink yonse imakhala ndi magetsi. Mawu a pambali pa chojambula anenenso mtundu wa soda: ya 63/37 imasungunuka pa 183 °C, ya SAC305 yopanda mtovu pa 217 °C.

Pa ngodya ya chojambula pali bokosi la dzina, nambala ndi revision. Bolodi lopanda kanthu lili ndi nambala yake, kawirikawiri yolembedwa mu kopa, ndipo lomangidwa lili ndi ina, pa sitika kapena m'kabokosi koyera. Musanakhulupirire dayagiramu yotsitsidwa pa intaneti, fananizani manambala onsewa ndi a bolodi lanu. TV ziwiri za dzina limodzi kunja zikhoza kukhala ndi mabolodi osiyana kotheratu m'kati.

Nanga pamene palibe pepala lililonse, monga zimakhalira ndi mainveta ndi ma amplifier ambiri ofika pa matebulo a ku Kawale ndi Mchesi? Yambani ndi kutsitsa magetsi a kapasita yaikulu kudzera pa rezisita kapena babu, osati ndi sikuludiraiva, chifukwa pa 230 V imasunga pafupifupi 325 V ngakhale pulagi itazulidwa. Yezani ndi mita kuti yatsikadi. Jambulani mbali zonse ziwiri musanagwire kanthu, mutembenuze chithunzi cha kunsi pa kompyuta kuti chigwirizane ndi cha kumwamba, musindikize, ndipo mulembepo mayina onse owerengeka. Pamene palibe mayina perekani anu motsatira malamulo omwewa. Rezisita yopserera musaipezere kukula kuchokera pa dzina lake. Onani mnzake pa chanelo ina yofanana, poti R112 ya mbali ina nthawi zambiri imakhala R212 mbali inayo. Ngati ndi ya miyendo ndipo yangoduka malo amodzi, palani utoto wake, muyeze kuchokera ku mwendo uliwonse kufika pamene yadukirapo, muphatikize ziwirizo, n'kusankha nambala yodziwika yoyandikira. Zonse zimene mwasintha zilembeni pa kapepala komata m'kati mwa chivundikiro: dzina la malo, chimene chinalipo, chimene mwaika, ndi tsiku. Ngati mwadula mzere wa kopa kapena mwawonjezera waya, nenani kuti wachoka pa mwendo uti wa dzina liti kupita pa uti.